Paul Ngozi, mnyamata wa ku Chibolya amene adaliritsa gitala m'Chinyanja

Mwa inu amene mumakwera mabasi a ku Lusaka kukaoda katundu ku Kamwala, alipo ena amene adadutsapo mumsewu wina wa ku Kabwata wotchedwa Paul Ngozi Road. Mwina mudaganiza kuti mkuluyu adali nduna ya boma, kapena mmodzi mwa akuluakulu a chipani cha UNIP amene adamenyera ufulu wa dzikolo. Ayi ndithu. Ameneyu adali woliza gitala, mwana wa m'komboni, amene adamwalira m'chaka cha 1989 ali ndi zaka 40 zokha. Ndipo nyimbo zake zambiri adaziyimba m'chilankhulo chomwechi chimene mukuwerengachi, kungoti cha m'tauni ya Lusaka.

Dzina limene makolo adam'patsa atabadwa mu 1949 lidali Paul Dobson Nyirongo. Mfunda wa Nyirongo si wachilendo kwa ife. Mukaupeza ku Mzimba ndi ku Rumphi monganso mukaupeza ku Lundazi, pakuti malire adaika azungu aja sadafunse kuti mbumba ya uje yathera pati. Loti Ngozi lidabwera pambuyo pake, ndipo lidachokera kwa anthu odzaonera zoyimba, chifukwa cha zimene mnyamatayu ankachita akakwera pansanja. Gitala ankaliliza mpaka ndi mano, monga ankachitira Jimi Hendrix wa ku America. Anthu ataona zimenezo adati uyu si munthu wamba, uyu ndi ngozi. Dzinalo lidakakamira, la kubadwa lija n'kutsalira m'mapepala a boma.

Adakulira ku Chibolya, imodzi mwa makomboni akale a mu Lusaka, kufupi ndi pamene pali msika wa Soweto. M'Chibemba mawu oti chibolya amatanthauza bwinja, mudzi umene anthu adausiya. Koma Chibolya wa mu Lusaka sadasiyidwe ndi anthu. Amene adamusiya ndi boma. Ndi malo a nyumba zothithikana, a matope nthawi ya dzinja, odziwika ndi malonda a chamba, kumene mwana amaphunzira msanga kuti nsima siyibwera yokha. Amene mumadziwa Ndirande kapena Mchesi simufunika kukufotokozerani zambiri.

Kuti timvetse chifukwa chake mwana wa malo otere adagwira gitala la magetsi m'malo mwa banjo, tiyenera kukumbukira mmene Zambia idalili nthawi imeneyo. Dzikolo lidalandira ufulu pa 24 October 1964, patangopita miyezi itatu ndi masabata ochepa ife titalandira wathu. Koma matumba adali osiyana. Ife tidali ndi fodya, tiyi ndi anyamata opita ku Wenela. Iwo adali ndi mkuwa, ndipo mtengo wa mkuwa udali pamwamba. Ku migodi ya ku Kitwe, Ndola, Chingola ndi Mufulira kudali malipiro a pamwezi, makalabu, maholo a dansi ndi masitolo ogulitsa zimbale zochokera ku London. Anyamata ankamvera The Beatles, The Rolling Stones, Hendrix, kenaka Deep Purple ndi Black Sabbath. James Brown mwini wake adafika ku Zambia mu 1970 n'kuyimba pamaso pawo. Choncho mabandi adaphuka ngati bowa, ndipo poyamba onse ankangobwereza nyimbo za azungu.

Paul naye adayambira momwemo, m'timabandi ta anyamata ta mu Lusaka. Mwayi wake woyamba waukulu udali wolowa m'gulu la Musi-O-Tunya, limene Rikki Ililonga adali mmodzi mwa oliyambitsa ndipo lidakakhazikika ku Nairobi m'dziko la Kenya. Gulu limeneli ndilo lidayamba kusakaniza rock ndi ng'oma za kumudzi, ndipo ambiri amaliwerengera ngati gwero la chamba cha nyimbo chimene chidadzatchedwa Zamrock. Paul sadakhalitsemo. Adabwerera kwawo n'kukayambitsa gulu lakelake, Ngozi Family. Pang'oma padali Chrissy Zebby Tembo, ndipo pa besi amene adadziwika kwambiri ndi Tommy Mwale. Taonaninso maina amenewo, Tembo ndi Mwale. Mukadawaitana pamsika wa pa Dedza boma, anthu khumi akadacheuka.

Gulu la anthu atatu lilibe pobisala. Mulibe malipenga, mulibe limba, mulibe atsikana ovina oti aphimbe zolakwa. Chimene chinkadzaza holo chidali kabokosi kakang'ono kopondapo ndi phazi, kotchedwa fuzz. Kabokosika kamalumikizidwa pakati pa gitala ndi chokuzira mawu, ndipo ntchito yake n'kukuza mawu a chingwe mopyola muyeso mpaka atasweka, kotero kuti m'malo molira mosalala gitala limachita ngati likung'ambika, ngati mavu atsekeredwa m'chitini. Oyimba a ku Ulaya ankakagwiritsa ntchito apo ndi apo ngati tsabola. Paul adakasandutsa ndiwo yeniyeniyo. Zebby Tembo naye ng'oma zake sizinkayenda mowongoka ngati za mzungu. Zinkadumphadumpha mofanana ndi zimene mwana wa kuno amamva pabwalo la gule. N'chifukwa chake munthu akamva Ngozi Family sanganene kuti awa ndi Black Sabbath a khungu lakuda. Adabwereka khasu, koma munda udali wawo.

Pakati pa zaka za m'ma 1970 pulezidenti Kenneth Kaunda adalamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi ya boma zikhale za m'dziko momwemo. Lidali lamulo la boma la chipani chimodzi, lopanda woti n'kulitsutsa, ndipo ine sindine wokonda malamulo otere. Koma zotsatira zake tisazikane. Wailesi idasowa zoika, ndiye oyimba adayenera kupeka nyimbo zawozawo, ndipo anthu a malonda adaona kuti apa pali ndalama. Kampani ya Teal inkadinda zimbale ku Ndola. Mumzinda womwewo mudali bambo Edward Khuzwayo, mwini wa Zambia Music Parlour, amene ankalemba ntchito mabandi, kuwalipirira zojambulira, ena kuwatumiza ku Nairobi kumene kudali makina abwinoko, kenaka n'kugulitsa zimbalezo m'masitolo ake. Inu a geni mvetsani pamenepa: Zamrock sidakule ndi luso lokha. Idakula chifukwa padapezeka wamalonda wolimba mtima woika ndalama zake pa ana a m'komboni.

Kudzera kwa a Khuzwayo, mu 1976 Ngozi Family idatulutsa chimbale cha Day of Judgement. Mwachangu zidatsatana zinzake, The Ghetto ndi 45,000 Volts cha mu 1977, ndipo m'zaka zomwezo Paul adaliziranso gitala m'chimbale cha mnzake Zebby Tembo chotchedwa My Ancestors. Kutulutsa zimbale zochuluka chonchi m'zaka ziwiri kapena zitatu kudali kugwira ntchito ngati wa ganyu wofuna kumaliza ndime dzuwa lisadalowe. Ndipo zimamveka. Pena mawu a woyimba amamira, pena ng'oma imathamanga kusiya besi m'mbuyo, pena Chingerezi chimapunthwa. Amene amakonda nyimbo zosalala za mu hotela adzati izi n'zosapsa. Kwa ine kusapsako ndiye kukoma kwake, ngati chimanga chootcha cha pamsewu chimene mbali ina chapserera.

Koma chimene chidamusiyanitsa ndi anzake si phokoso la gitala ayi. Mabandi ena otchuka a nthawiyo, monga WITCH ya Emmanuel Jagari Chanda, ankayimba kwambiri m'Chingerezi. Paul ankayimbanso Chingerezi, koma pambali pake adaika Chinyanja, ndipo adachiika pamwamba pa gitala lolusa lija popanda manyazi. Ingoonani mitu ya nyimbo zake: Kumanda Kwa Bambo Wanga, Tikondane, Ulesi Tileke, Atate. Imeneyi si mitu ya munthu wolota za ku London. Ndi nkhani za maliro, za mabanja, za umphawi, za makolo ndi ana, za anansi a mijedo, zimene mayi wogulitsa tomato ndi kondakitala wa basi amazidziwa. Pena ankalalikira mopyoza, ngati mkulu wa mpingo amene waiwala kuyang'ana wotchi, ndipo ndivomereze kuti nyimbo zolangiza zikachuluka zimatopetsa. Komabe anthu a m'makomboni adamumva ngati mmodzi wa iwo, chifukwa adalidi mmodzi wa iwo.

Pano ndilankhuleko ndi ana a sukulu, makamaka inu amene mumaseka Chinyanja cha ku Lusaka kuti n'chopotoka. Zoona, kumeneko amati nifuna pamene ife timati ndifuna, amati vinthu pamene ife timati zinthu, ndipo amathiramo Chinsenga, Chibemba ndi Chingerezi mosaopa mphunzitsi. Nyimbo ina ya Ngozi Family mutu wake ndi Nizakupanga Ngozi. Mukadalemba choncho pamayeso a JCE, cholembera chofiira chikadagwira ntchito. Kuno kwathu, kuchokera mu 1968 pamene msonkhano wa chipani cha MCP udasintha dzina la Chinyanja kukhala Chichewa n'kuchikweza kukhala chilankhulo cha dziko, chilankhulochi chidakhala ndi alonda ake, a Chichewa Board, ndipo Kamuzu mwini ankadzudzula poyera olankhula mosayenera. Ku Lusaka kudalibe mlonda. Chilankhulo chidali cha pamsika, chomvana anthu a mitundu yosiyanasiyana, ndipo n'chifukwa chake chidatha kulowa mu rock osaoneka ngati chabwereka jekete. Chichewa chosamalidwa bwino chidatipatsa mabuku ndi galamala. Chinyanja chosiyidwa pamsewu chidawapatsa Paul Ngozi.

Funso limene limandivuta n'lakuti, n'chifukwa chiyani ife sitidakhale ndi Ngozi wathu? Luso lidalipo. Daniel Kachamba wa ku Chileka, amene adamwalira mu 1987, ankaliza gitala modabwitsa ngakhale akatswiri a ku Ulaya. Kudali a Jazz Giants, kudali Robert Fumulani ndi Likhubula River, pambuyo pake Kalimba ndi Makasu. Koma taganizani mnyamata wa tsitsi lowirira, wovala buluku lotambalala kumiyendo, akuluma gitala ndi mano mu Blantyre wa 1976. Lamulo lokhazikitsa Censorship Board lidabwera mu 1968. Mu 1973 kudabwera lamulo la kavalidwe loletsa amayi mabuluku ndi masiketi aafupi, ndipo amuna a tsitsi lalitali ankametedwa, ngakhale alendo pabwalo la ndege. Nyimbo ya Simon and Garfunkel yotchedwa Cecilia idaletsedwa chifukwa chongofanana dzina ndi Mama Kadzamira. Wailesi idali imodzi, MBC, ndipo oyimba athu ambiri malo ojambulira adali komweko basi. Kaunda naye adali wa chipani chimodzi ndipo adatsekera anthu m'ndende, tisamuyeretse. Koma iye ankaliza gitala, ndipo sadaone mdani mwa mnyamata wa gitala.

Ngakhale Kamuzu ndi Kaunda sankamwerana madzi, wina atagwirana chanza ndi boma la tsankho la South Africa pamene mnzake akusunga omenyera ufulu, mphepo ya wailesi sinkaima pa chipata cha Mchinji kuti adinde pasipoti. M'chigawo chapakati, kuphatikizapo kuno kumapiri a Dedza, anthu ankatsegula Radio Zambia kumvera mapologalamu a Chinyanja, monga nthano za Julius Chongo za Poceza M'madzulo, ndipo nyimbo za ku Zambia zinkalowera khomo lomwelo. Zina zinkabwera m'zikwama za achibale ogwira ntchito ku migodi ndi ku Lusaka. Paja ngakhale bambo ake a Kaunda, a David Kaunda, adachokera kuno ku Nyasaland, atatumidwa ndi mishoni ya Livingstonia.

Nyengo yokoma ija sidakhalitse. Mkuwa ndiwo unkabweretsa ndalama zakunja zoposa 90 mwa 100 zilizonse m'dziko la Zambia, ndipo mtengo wake udagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, panthawi imene mafuta a galimoto adali atakwera kuchokera mu 1973. Ndiye kuti pamene Day of Judgement inkatuluka, denga lidali litayamba kale kudontha. Malire ndi Rhodesia adali atatsekedwa mu 1973. Mu 1978 ndi 1979 asilikali a Ian Smith adaphulitsa misasa ya omenyera ufulu a Joshua Nkomo kufupi ndi Lusaka, mpaka kulowa mumzinda momwemo, ndipo boma lidaika malamulo oletsa kuyenda usiku ndi ozimitsa magetsi. Woyimba amadya za usiku. Ukamuletsa usiku wamulanda khasu. Mabandi adayesa kuyimba masana, koma ndani angasiye ntchito kapena geni yake kukavina dzuwa lili paliwombo, m'thumba mulibenso kanthu?

Kenaka kudabwera disco. Mwini bala adaona kuti n'kotchipa kulipira mnyamata mmodzi woika zimbale kusiyana ndi kudyetsa gulu lonse la oyimba ndi zida zawo. Pambuyo pake kudabwera kaseti. Apa ndipo a malonda anzanga musandikwiyire. Chimbale cha pulasitiki chija sichinkatheka kukopera kuseri kwa nyumba. Aliyense wofuna nyimbo ankagula chenicheni, ndipo kandalama kena kankafika kwa woyimba. Kaseti idasintha zonse. Munthu mmodzi wokhala ndi wailesi ya makomo awiri ankatha kudzaza tebulo lonse pamsika, woyimba osaonapo ngakhale ngwee imodzi. Wogulayo ankati wapeza zotchipa, wogulitsayo ankati akudyetsa ana, ndipo onse ankanena zoona. Koma makampani odinda zimbale adafooka, ndipo wamalonda wa mtundu wa a Khuzwayo adasowa chifukwa choikiranso ndalama pa bandi. Kaseti idatha, koma mchitidwewo udangosamukira m'makompyuta a pamsika othira nyimbo m'mafoni.

M'zaka za m'ma 1980 makutu a anthu a ku Zambia adatembenukira ku kalindula, nyimbo za besi yolemera zochokera ku Luapula, za oyimba ngati P.K. Chishala ndi gulu la Amayenge. Mabandi ambiri a rock adabalalika, ena adayesa disco n'kulephera. Paul sadasiye. Adafewetsa gitala lake, n'kuyandikira kumayimbidwe a kumudzi ndi ovinika, koma nkhani zake zidakhalabe zomwe zija za m'komboni, ndipo adapitiriza kutulutsa nyimbo ndi kuyimba pamaso pa anthu. Okonda rock a kunja amakonda kunena ngati moyo wake udathera mu 1979, koma anthu a ku Zambia ambiri amamukumbukira ndi nyimbo za zaka zotsatirazo. Amenewo ndiwo adali omvera ake enieni, ndipo iye adawatsata kumene adapita.

Za imfa yake mu 1989, olemba mbiri ya Zamrock amaiika pamodzi ndi za oyimba anzake ambirimbiri amene adatengedwa ndi Edzi. Mliriwu udasesa mbadwo wonse wa oyimba a ku Zambia. Mwa anyamata amene adapanga gulu la WITCH la masiku oyambirira, Jagari yekha ndiye adatsala, ndipo iyeyo adasiya zoyimba n'kukhala mphunzitsi, kenaka wokumba miyala ya mtengo wapatali. Kaunda adachita chinthu chimene atsogoleri ambiri a mu Africa adachiopa: mu 1987 adauza dziko lonse kuti mwana wake Masuzyo, amene adamwalira mu 1986, adafa ndi Edzi. Kuno nthawi imeneyo tinkangonong'ona za kaliwondewonde ndi matenda a boma, pamaliro n'kumati malemu adadwala nthawi yaitali. Mankhwala otalikitsa moyo adali asadabwere. Munthu wa zaka 40 amene akadatha kuyimba zaka zina makumi atatu adangopita choncho, chaka chimodzi zipolowe za ufa za mu 1990 zisadagwedeze Lusaka, zaka ziwiri Kaunda asadagonje kwa Frederick Chiluba.

Kwa zaka pafupifupi makumi awiri zimbale zake zidangokhala m'makatoni, zikudyedwa ndi fumbi ndi chinyezi. Amene adadzazifukula adali alendo, anthu osonkhanitsa zimbale zakale a ku Ulaya ndi ku America, amene ankazigula pamtengo woti mwini wake sadaulotepo. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles, ya Eothen Alapatt, idadindanso Day of Judgement mu 2014, ndipo mu 2017 idatulutsa zimbale ziwiri zosonkhanitsa oyimba osiyanasiyana zotchedwa Welcome to Zamrock. Mu 2019 kudatuluka kanema wofotokoza mbiri ya WITCH, ndipo Jagari adabwerera pansanja ali nkhalamba, kuyimba ku Ulaya ndi ku America. Pali kuwawa kwina pamenepa, kuti mpaka mlendo anene kuti ichi n'chokoma ndiye eni mudzi ayambe kuchifunafuna. Koma tisanyoze mlendoyo. Chimene adachipeza chidapezeka chifukwa chidali chitadindidwa pa chimbale, dzina la wopeka litalembedwa, chaka chitalembedwa. Oyimba athu ambiri a nthawi yomweyo adasiya mawu awo pa tepi imodzi yokha m'nyumba ya wailesi, ndipo tepi ikaonongeka nyimbo yapita ndi mwini wake.

Mu October 2024 woyimba wa ku America wotchedwa Tyler, the Creator adatulutsa nyimbo yotchedwa Noid, yokamba za mantha a munthu wotchuka amene akuona ngati aliyense akumusuzumira. Pakati pa nyimboyo adaikapo chidutswa cha Nizakupanga Ngozi, ya m'chimbale cha 45,000 Volts, pamene Paul akuchenjeza mlendo wobwera pakhomo ndi zokambakamba kuti akhale ndi ulemu. Sadamasulire, sadayimbenso yekha. Adaika mawu a Paul momwe adajambulidwira mu 1977, gitala long'ambika lija lili pambuyo. Chimbale chimene muli nyimboyi, Chromakopia, chidafika pa nambala 1 pamndandanda wa Billboard ku America, ndipo achinyamata a ku New York ndi ku London adayamba kufunsana pa intaneti kuti chilankhulo chimenechi n'cha kuti. Amene adawayankha adali ana a ku Lusaka, ku Chipata ndi ku Lilongwe, obadwa Paul Nyirongo atagona kale m'manda zaka khumi kapena kuposerapo.